Mbalame Zakuda pa Kapeti ya Bistra

Solun, Greece
3 Malichi 1996

Okondedwa Mayi ndi Bambo,

Moni nonse kumeneko. Ine kuno ndili bwino, msana wokha ndiwo ukudandaula ndi kuimirira tsiku lonse kochapira zovala kuja. Kaya inu chisanu chakusiyani bwanji?

Tsiku tapangana. Ukwati udzakhala pa 8 Sepitembala, m'tchalitchi cha kwawo kwa Lefteris konkuno. Tsono pali zina zimene sindinakuuzeni pa Khirisimasi, lilime linandilemera. Lefteris ali ndi zaka 46. Anakwatirapo, mkazi wake anamwalira, ndipo ali ndi mwana wamkazi wa zaka khumi. Shopu yake yokonzera nsapato sangaisiye, ndiye kuti ife tidzakhazikika kuno, ku Chiprovtsi tizidzangobwera kudzacheza. Ndanena, mtima wapepuka. Ngati n'kundikalipira ndikalipireni, koma mundiyankhe.

Mayi, kapeti yanga yafika pati? Ndinaisiya pa chimango chowombera muli pa mzere woyamba wa mbalame. Apongozi anga ndawauza kale kuti kwathu mkwatibwi amaima pa kapeti imene mayi ake amuwombera, ya mbalame zofiira. Iwo akuti makapeti enieni ndi a ku Turkey. Ndangoti dikirani muone dzanja la Velika wa ku Chiprovtsi.

Ndatumiza khofi ndi mafuta ophikira kudzera mwa a Dancho a basi. Mayi, mundilembere nokha, ndasowa zilembo zanu zopendekera zija.

Ndine mwana wanu,
Bistra

Chiprovtsi, Bulgaria
27 Malichi 1996

Bistra mwana wanga,

Kalata yako tinalandira, khofinso. Ndikulemba ine bambo ako chifukwa amayi ako dzanja lawavuta, sangagwire cholembera.

Kuno tili bwino. Mbuzi ija yabereka awiri. Denga la khola likudontha. Buledi wakweranso.

Za mwamuna wakoyo ndawawerengera amayi ako kawiri. Anafunsa ngati kamtsikanako kamadya bwino. Ndinati zimenezo sizinalembedwe. Ine ndilibe mawu ambiri. Wokonza nsapato sagona ndi njala, anthu sadzasiya kuyenda.

Ku ukwati sitibwera. Mapepala a pamalire ndi ovuta, komanso mbuzi. Usalimbikire.

Kapeti ikuyenda. Ine masiku ano ndinasiya kupita kukasewera makhadi. Usafunse chifukwa.

Bambo ako,
Zahari

Chiprovtsi
30 Juni 1996

Bistra,

Moni. Kapeti tadula pa chimango dzulo. Ndamupatsa Dancho, afika nayo Lachisanu, ukamudikire pasiteji ndipo usalole aiike pansi pa matumba a anthu.

Mizere isanu ndi iwiri, mbalame 42, zonse zofiira ngati magazi, ndawerenga ndekha. Zaka 38 ndakhala ndikuponda makapeti a amayi ako ndi nsapato za kumgodi, osadziwa kuti kambalame kamodzi kamadya masiku asanu a munthu. Imeneyi ndiyo yokongola kuposa zonse zimene zinatulukapo m'nyumba muno. Apongozi akowo akaiona akhala pansi.

Amayi ako akuti moni. Dzanja likadali choncho.

Bambo ako,
Zahari

Solun
9 Julayi 1996

Okondedwa Azakhali a Tsona,

Moni. Ndikhulupirira mawondo akulekani pang'ono ndi kutenthaku. Ndalembera inu chifukwa mutu wanga waima, ndipo kunyumba sindikudziwa kuti ndifunse ndani.

Kapeti yafika. Ndinaitana apongozi, alamu anga awiri ndi Lefteris, n'kuitambasula pabalaza monyadira. Azakhali, mizere itatu ya pansi mbalame ndi zofiira, zofiira zenizeni za mizu ya broshi monga amanyikira mayi. Mizere inayi ya pamwamba mbalame zonse ndi zakuda bii. Apongozi anati, "Yakongola, koma bwanji zinazi zili ngati akhwangwala?" Ndinaseka nawo. Kenako ndinakadzitsekera kubafa.

Inu mukudziwa zimene mbalame zakuda zimanena pa banja la kwawo kwa mayi. A Ruska, mayi anga aang'ono aja, atathawa ndi woimba wa ku Serbia uja, agogo anawawombera kapeti ya mbalame zakuda n'kuwatumizira popanda kalata. A Ruska anamwalira ku Nish osapondanso pakhomo pa kwawo. Nkhani imeneyi anandiuza ndi mayi eniake, tili pa chimango, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Ndawerengera. Akakhala okha, mayi amawomba mzere umodzi pamwezi. Woyamba Disembala, wachiwiri Januwale, wachitatu Febuluwale. Wachinayi anauyamba m'Malichi, kalata yanga yonena za Lefteris itangofika. Chakuda chayambira pomwepo, osaphonya.

Koma nanga bwanji bambo akulemba kuti zonse ndi zofiira ngati magazi? Akundinyogodola, kapena akuopa? Ndipo dzanja lotani limene limakana cholembera koma n'kumagogoda chipeso cholemera chotsinderera ulusi chija miyezi isanu ndi iwiri? Ku ukwatinso akana, akuti mbuzi. Mbuzi!

Mundiuze zoona, musandinyengerere. Mayi andikana?

Ndine mwana wanu,
Bistra

Chiprovtsi
21 Julayi 1996

Bistra, mwana wa mchimwene wanga,

Kalanga ine! Kalata yako ndinaiwerenga nditaimirira, mpaka tsabola anandipserera pamoto. Mawondo usafunse, ndi omwe aja.

Ukundifunsa ine? Ine ndifunse ndani? Chiyambire Malichi sindinalowemo m'nyumba ya bambo ako. Ndikagogoda amatuluka Zahari, n'kutseka chitseko kumbuyo kwake ngati m'katimo abisamo golide. "Mlamu ali kuti?" "Wagona." Wagona chiyani, ine ndikumva chipeso chikuti gu! gu! gu! Tsiku lina ndinaima pansi pa zenera, osati kumvetsera ayi, ndinkamanga chingwe cha nsapato. Ndinamva mchimwene wanga akuwerenga mokweza: "Zitatu zoyera, ziwiri zofiira, zitatu zoyera." Munthu amene sadziwa pamene pamakhala singano m'nyumba mwake! Ndinati kaya ndi kachasu wa rakiya wamukwera m'mutu, kaya alowa mpingo wina wa masiku anowa.

Pa Pasaka ndiye zinandikwana. Amayi ako anadutsa pafupi nane potuluka m'tchalitchi, pafupi chonchi, moti ndikanawatsina. Ndinamwetulira. Iwo maso ali patsogolo ngati ndine mtengo wa magetsi. Zaka makumi atatu tinakhala pa benchi imodzi kuwomba makapeti a boma, lero sandidziwa! Ndipo akuyenda atakolowekana mikono ndi Zahari. Pa msinkhu umenewu, abale! Ali achinyamata sanagwiranepo ngakhale kachala. Buledi akugula ndi Zahari, zovala akuyanika ndi Zahari, mokhotakhota, mudzi wonse ukuona.

Ndiye ine ndikuona chonchi. Mlamu wanga wakwiya. Wakwiyira iwe chifukwa cha Mgiriki wachikulireyo, wakwiyira ine chifukwa ndinanena kugolosale kuti bola Mgiriki kusiyana ndi kukalambira pakhomo. Sindinanene moipa. Zahari ndiye wangosanduka kapolo woziziritsa moto. Koma zokolowekana mikonozo sizikulowa m'nkhani imeneyi, ndavomera. Munthu wokwiya sayenda choncho. Kapena Zahari akudwala ndipo akumugwiririra? Wawondadi. Ha, kaya!

Za mbalamezo, Velika sangalakwitse mtundu. Ulusi uliwonse amanyika yekha, amaudziwa ngati ana ake. Ngati waika chakuda, wafuna chakuda. Komabe mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mulembere, umufunse maso ndi maso, ngakhale papepala.

Usanene kuti ndakuuza ine. Ukapeza mankhwala opaka mawondo a kumeneko, umupatse Dancho.

Azakhali ako,
Tsona

Solun
1 Ogasiti 1996

Mayi,

Moni. Kalata iyi ndi yanu, bambo angowerenga.

Kapeti ndalandira, uthenga wakenso ndaumva. Munandiphunzitsa nokha kuwerenga mbalame, ndiye musaganize kuti ku Greece kwandichititsa khungu. Mizere inayi yakuda, kuyambira mwezi umene ndinakuuzani zoona za Lefteris.

Chimene chikundiwawa n'chakuti munakhala miyezi inayi mukugogoda mkwiyo wanu ulusi ndi ulusi, pamene mawu awiri akanakwana. Ine si Ruska, sindinathawe. Ndinapempha.

Lefteris ndamuuza kuti tiyambe taimitsa za ukwati. Sakumvetsa, akuti kapeti ndi kapeti. Sindingaime pamaso pa Mulungu pa chinthu chonditemberera, ndipo sindingaime pa simenti ngati mwana wamasiye mayi anga ali moyo. Ngati mwandikana, nenani ndi pakamwa. Ndidikira kalata yanu.

Bistra

Chiprovtsi
12 Ogasiti 1996

Bistra mwana wanga,

Ndikulembera m'khola, amayi ako akuganiza kuti ndikukama mbuzi.

Kalata yako ndinaitsegulira panjira. Ndinaiwerenga katatu osamva kanthu. Zakuda ziti? Ndinabwerera kunyumba, ndinatenga ulusi wotsala, ndinapita nawo kwa Ginka wa ku positi. Ndinati, "Ginka, uwu ndi mtundu wanji?" Anandinunkhiza kaye m'kamwa. Kenako anati, "A Zahari, uwu ndi wakuda ngati kumgodi kwanu kuja." Ndinakhala pansi pa masitepe a positi.

Tsopano imva zimene anandiletsa kukuuza. Amayi ako saona. Pa Khirisimasi paja ankaona ngati m'chifunga, anakubisira. Kumapeto kwa Febuluwale kunada. Dokotala wa ku Sofia akuti mtsempha wa m'maso unauma, palibe chochita. Anandilumbiritsa kuti usadziwe mpaka ukwati utadutsa, akuti ungasiye mwamuna ndi ntchito n'kubwera kudzawagwira dzanja. Tsona ndiye sitikanamuuza, ukumudziwa.

Ndinati kapeti tiisiye. Anati mwana wawo sakaima pa simenti. Manja awo amadziwa njira okha, chimene ankasowa ndi wowapatsira ulusi ndi kuwawerengera. Ndiye ndinavomera kukhala nawo pa benchi. Zofiira za m'dengu zitatha pa mzere wachitatu, anandituma kudenga kukatenga thumba lina la zofiira. Kunali matumba awiri. Kwa ine anali ofanana.

Mwana wanga, ine chofiira chodera ndi chakuda sindizisiyanitsa, zikuoneka kuti chibadwire. Tomato ndimadziwa kuti wapsa pomufinya, ndinkayesa aliyense amatero. Ku usilikali ananenapo zina za maso anga, ine ndinkati akungofuna kundipatsa fosholo m'malo mwa galimoto. Kumgodi palibe anandifunsapo mtundu wa chinthu.

Ndiye wakuda uja ndine. Amayi ako sanakukane. Mbalame iliyonse ankaimaliza akutchula dzina lako. Ndaononga kapeti yawo yomaliza, ndipo ukwati wakonso ndatsala pang'ono kuuononga. Pepa.

Kalata yakoyo ndinawawerengera moni yekha, zinazo ndinapeka, ndinati ukuthokoza. Ndikupempha chinthu chimodzi, ine amene sindinakupemphepo kanthu. Lemba kalata ina, unene kuti mbalame zonse ndi zofiira. Akadziwa kuti anatumizira mwana wawo za Ruska ndi manja awo, sadzadzukanso. Ukwati usaimitse. Kapetiyo ngati ikuchititsa manyazi, ukaime pa mbali yofiirayo, inayo uipinde.

Bambo ako,
Zahari

Solun
19 Ogasiti 1996

Okondedwa Mayi,

Moni. Ine ndili bwino, chimfine chokha, n'chifukwa chake pepalali lanyowa.

Kapeti ndi yokongola kuposa zonse zimene munawombapo. Mbalame zonse 42 ndi zofiira, zofiira kwambiri. Apongozi akhala pansi, akuti za ku Turkey zija ankangonena. Ukwati uli pomwepo, pa 8 Sepitembala. Tikangotha tibwera, ndikufuna kudzakuonani.

Bambo, zikomo powerenga.

Ndine mwana wanu,
Bistra

Chiprovtsi
28 Ogasiti 1996

Bistra, wabodza iwe,

Ndine mayi ako, ndikulemba ndekha. Ndagoneka kathabwa papepala kuti kazinditsogolera. Mizere ikakwerana pirira, unkafuna zilembo zanga, nazi. Abambo ako ndawatuma kukathyola maplamu, kalatayi atenga ndi Ginka pobweretsa nyuzipepala.

M'nyumba muno abodza takwana atatu tsopano. Kalata yako ya pa 1 Ogasiti inali yolemera, ndinamva pepala lake. Abambo ako anaiwerenga ngati munthu wowoloka mtsinje podumpha miyala. Kenako anakhala ola lathunthu akukama mbuzi yomwe anali ataikama kale. Kenako yabwera yako ya zofiira, zofiira kwambiri. Mumandiyesa mwana? Maso ndiwo anapita, mutu ulipo.

Ndikudziwa kuti ndi zakuda. Ndinadziwa tsiku loyamba. Ulusi wa broshi ndi wofewa. Wakuda ndimaunyika ndi makungwa ndi dzimbiri la misomali, umakanda ngati ndevu za abambo ako Lachisanu, ndipo umanunkha chitsulo. Zaka makumi asanu ndili pa chimango, ndingalephere zimenezo? Za maso awonso ndinazidziwa tisanakwatirane. Anandigulira mpango wa maliro n'kunena kuti chofiira chimandikhala. Ndinauvala, sindinanene kanthu.

Tsiku limenelo anatsika pamakwerero ali wefuwefu, thumba paphewa, akuti, "Velika, nazi zofiira zako!" Ndinagwira ulusiwo, pakamwa ndinatsegula ndithu. Koma anali atakhala kale pambali panga, pa benchi imene sinakhalidwepo ndi mwamuna, akufunsa kuti, "Ndigwire pati?" Mwana wanga, zaka 38 munthu ameneyu ankabwera kuchokera kumgodi, kudya, kugona. Mawu khumi patsiku tikachulutsa. Ndikanati walakwitsa, akanaimirira ndi manyazi, n'kukandiitanira Tsona, iye n'kubwerera ku makhadi. Ndinatseka pakamwa, ndinati, "Gwirani apa."

Miyezi inayi imeneyo tinacheza za zaka zonse zija. Anandiuza za tsiku limene mgodi unawagwera anzake, zimene sanauzepo munthu. Anandiimbira, mawu ngati chitseko cha khola. Ine ndinali mumdima, koma sindinachite mantha.

Ruska ndinamukumbukira, usaganize kuti ndinaiwala. Koma ndikanakuuza bwanji, mlembi wanga ali mwini mlandu? Ndinadzilimbitsa mtima kuti mwana ndinamuphunzitsa ndekha, adzayang'ana bwino. Iwe unawerenga miyezi ngati kalaliki, milomo ya mbalame osaiona. Za agogo ako zija zinafulatirana, iliyonse kuyang'ana kunja. Pita ukatambasule yakoyo. Kuyambira pansi mpaka pamwamba zili ziwiriziwiri, mlomo ndi mlomo. Komabe ndinakuliza, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga, si kwa abambo ako. Pepa, mwana wanga.

Lefteris wakoyo ndilibe naye mlandu. Mwamuna amene anaikapo mkazi m'manda amadziwa mtengo wa mkazi. Koma sunandiyankhebe, kamtsikanako kamadya bwino? Mubwere nako mu Okutobala, nthawi yokumba broshi, ndidzakagwire kumaso. Tsona umuuze kuti sindinamunyoze, abwere adzandikalipire m'nyumba.

Abambo ako usawauze kuti ndikudziwa. Iwo akubisira ine, ine ndikubisira iwo, iwe utisungire tonse awiri.

Ndikuwadziwa, akuuza kuti upinde mbali inayo. Usapinde. Uyale yonse, apongozi anene za akhwangwala mmene angafunire. Ndipo iwe ndi mwamuna wako mukaime kumtunda, pa zakudazo. Zofiirazo ndinawomba ndekha. Zakudazo tinawomba awiri.

Mayi ako,
Velika